MAKINA OPHUNZITSA KUWERENGA AMAFUNA MASO NDI MAKUTU ANGWIRO

Mwezi wa Juni ukafika ku mapiri a Dedza, nkhungu imakuta midzi ya ku Bembeke ndi ku Chongoni mpaka dzuwa litakwera. Ana amapita ku sukulu akunjenjemera, ambiri a iwo ali ndi chimfine. Chimfinecho chimatha, koma mwa ana ena chimasiya nthenda m'khutu, ndipo khutulo limayamba kutuluka mafinya. Chaka chikamatha mwana wotere amabwera ndi uthenga woti walephera mayeso a kuwerenga. Kunyumba amamutcha mbuli kapena mlesi, ndipo ena amafika poganiza kuti anachita kulodzedwa. Komatu kawirikawiri mutu wa mwanayo uli bwinobwino. Chovuta n'chakuti mawu a mphunzitsi sakumufika.

Masiku ano m'sukulu zambiri za pulaimale mwafika makina othandiza ana kuwerenga ndi kulemba. N'kofunika tsono kuti makolo adziwe chimene makinawa angathe kuchita, chimene sangathe, ndiponso udindo umene watsalira iwo eni.

KODI MAKINAWA NDI OTANI?

Dzina la makinawa ndi tabuleti. Anthu amene anazolowera kumva dzinali ku chipatala asasokonezeke, pakuti iyi si tabuleti yomeza ndi madzi ayi. Ndi kakompyuta kopyapyala konga sileti imene ana a sukulu ankalembapo kale, koma pamaso pake pali galasi lowala. M'kati mwake anaikamo maphunziro a kuwerenga, kulemba ndi masamu, olankhulidwa m'Chichewa. Maphunzirowa amatchedwa onecourse, ndipo anawakonza ndi a bungwe la onebillion la ku London. Tabuletiyo siifuna intaneti kuti igwire ntchito, ndipo moto wake umachokera ku mphamvu ya dzuwa, kotero kuti ngakhale sukulu ya kutali ndi magetsi ingathe kukhala nayo.

Mwana amavala zomvera m'makutu, zimene ambiri amati mahedifoni. Tabuleti imamuonetsa lembo, tinene m, n'kutchula liwu lake. Kenaka imaphatikiza m ndi a kuti apange ma, ndipo pambuyo pake ma ndi i kuti atuluke mawu. Mwanayo amatsata lembolo ndi chala pa galasi monga mmene akanachitira pa mchenga. Akakhoza amauzidwa nthawi yomweyo. Akalakwa amauzidwanso, ndipo amayesa kachiwiri popanda womuseka kapena womukalipira. Ubwino waukulu wagona pamenepa. Mphunzitsi amene ali ndi ana odzaza chipinda sangathe kubwereza liwu limodzi kakhumi chifukwa cha mwana mmodzi, koma makina satopa, ndipo mwana aliyense amayenda pa liwiro lake.

MMENE NTCHITOYI INAYAMBIRA

Kuyambira mu 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere, ana anachuluka m'sukulu koposa aphunzitsi ndi mabuku. Ambiri ankafika Sitandade 3 kapena 4 asanadziwe kuwerenga bwino. Mu 2013 matabuleti anayesedwa pa sukulu ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe mothandizana ndi bungwe la VSO. Katswiri wina wa pa yunivesite ya Nottingham ku Mangalande, Nicola Pitchford, anayerekeza ana amene ankaphunzira masamu pa tabuleti kwa theka la ola tsiku lililonse ndi anzawo amene ankaphunzira mwa nthawi zonse. Patatha masabata 8 anapeza kuti a pa tabuleti aja anali patsogolo. Pambuyo pake maphunziro a kuwerenga anawonjezeredwamo.

Mu 2023 Unduna wa za Maphunziro unakhazikitsa ndondomeko yotchedwa BEFIT, mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO. Ntchitoyi inayambira m'sukulu 500, ndipo cholinga chake n'chakuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za pulaimale za boma, zimene zili pafupifupi 6,000, akhale ndi mwayi wophunzira pa tabuleti. Sukulu za m'boma la Dedza zili m'kati mwa cholinga chimenechi.

CHIMENE MAKINA SANGATHE

Tabuleti imaphunzitsa podzera m'zipata ziwiri: diso ndi khutu. Chipata chimodzi chikatsekeka, phunziro limalowa mopereweza. Katswiri uja ndi anzake anafufuzanso za ana olumala m'sukulu za kuno ku Malawi, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2018. Anapeza kuti ana otere amaphunziradi masamu pa tabuleti, koma pang'onopang'ono poyerekeza ndi anzawo, ndipo amene ankachedwa kwambiri anali a vuto la kumva ndi kulankhula. Izi n'zosadabwitsa. Mwana amene samva kusiyana kwa pa ndi pha, kapena kwa ta ndi tha, sangathe kulemba mawuwo molondola ngakhale makina atabwereza kangati.

Zinthu zambiri zimene zimaononga makutu ndi maso a ana n'zopeweka. Mafinya a m'khutu akalekereredwa amaboola nembanemba ya m'kati mwa khutu ndi kugonthetsa mwana. Chikuku chingathe kuononga maso ndi makutu omwe, makamaka mwa mwana woperewera zakudya m'thupi. Malungo ogwira ubongo ndiponso matenda oumitsa khosi amasiya ana ena osamva. Kusowa kwa vitamini A kumayamba ndi kusaona bwino kukada, ndipo kukapitirira kumachititsa khungu. Umboni woti matenda otere amagonjetseka ulipo: mu 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti Malawi wagonjetsa nthenda ya maso ya trachoma, imene inkachititsa anthu ambiri khungu. Mbali ina ya chipambanocho inali kusamba kumaso ndi ukhondo wa pakhomo.

ZIZINDIKIRO ZOYENERA KUZIYANG'ANIRA

Mayi kapena bambo angathe kuzindikira vuto asanauzidwe ndi mphunzitsi. Mwana wosamva bwino sayankha akaitanidwa kuchokera kumbuyo, amatembenuza mutu kuti amvere khutu limodzi, amayang'anitsitsa pakamwa pa wolankhula, ndipo mawu ena amawatchula mopotoka. Mwana wosaona bwino amayandikitsa buku kumaso, amatsinzina poyang'ana pa bolodi, amadandaula mutu, ndipo amapunthwa kukayamba mdima. Ana achialubino pafupifupi onse amavutika kuona zakutali ndi zilembo zazing'ono, choncho ayenera kukhala kutsogolo m'kalasi.

Palinso ana ena amene maso ndi makutu awo ali bwino, nzeru ali nazo, nthano amazikumbukira, koma zilembo zimawasokonekera ndipo amachedwa kuphatikiza maliwu. Akatswiri amatcha vutoli dyslexia. Si ulesi, si ufiti, ndipo silichoka ndi chikoti. Ana otere ndiwo amapindula kwambiri ndi kubwerezabwereza modekha, kwa makina ndi kwa mphunzitsi yemwe.

Kholo likaona zizindikirozi lipite ndi mwana ku chipatala chaching'ono cha kufupi, kapena likambe ndi mlangizi wa za umoyo wa m'deralo. Vuto likakhala lalikulu, a chipatala amatumiza mwana ku chipatala cha boma cha Dedza, ndipo za maso zimaonedwanso ku chipatala cha Nkhoma ndi cha Kamuzu Central ku Lilongwe. Mwana wina amangofunika magalasi, wina mankhwala a m'khutu. Kwa amene samva kotheratu, m'boma lomweli la Dedza muli sukulu ya ana osamva ku Mua. Kwa osaona kuli zilembo za madontho 6 otukuka zimene Louis Braille wa ku France anakonza, zowerenga ndi zala. Kulinso mapulogalamu owerenga mokweza zolembedwa pa galasi, monga NVDA wa pa kompyuta, amene ndi waulere, ndi TalkBack wa pa mafoni a Android. Amenewa amathandiza kwambiri ku sekondale kumene mabuku ambiri ali m'Chingerezi. Aphunzitsi odziwa kuphunzitsa ana otere amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu.

UKHONDO PA CHIPANGIZO CHOBWEREKANA

Tabuleti imodzi imadutsa m'manja mwa ana ambiri tsiku limodzi, chimodzimodzinso mahedifoni. Chimene ambiri agwira chingathe kunyamula tizilombo ta chimfine, ta maso ofiira ndi ta chipere. Choncho ana asambe m'manja ndi sopo asanagwire tabuleti. Galasi ndi mahedifoni zipukutidwe ndi kansalu koyera konyowa pang'ono, koma osathirapo madzi. Mwana amene khutu lake likutuluka mafinya, kapena amene ali ndi chipere m'mutu, asapitikitsidwe m'kalasi ayi. Alandire chithandizo msanga, ndipo mahedifoni amene wavala apukutidwe bwino asanavale mnzake. Mawu a m'mahedifoni asakwezedwe kwambiri, pakuti phokoso nalo limagonthetsa. Mwana akamapempha kawirikawiri kuti mawu akwezedwe, mphunzitsi adziwitse makolo, chifukwa chimenecho chingakhale chizindikiro choyamba.

ZOYENERA KUCHITA MAKOLO

1. Mwana alandire katemera yense, makamaka wa chikuku pa miyezi 9 ndi wachiwiri pa miyezi 15.
2. Apite ku sikelo mwezi ndi mwezi, ndipo alandire vitamini A pa miyezi 6 iliyonse mpaka atakwanitsa zaka 5.
3. Agone mu neti usiku uliwonse. Kuzizira kwa ku mapiri sikutanthauza kuti malungo kulibe.
4. M'khutu la mwana musalowe kamtengo ka machesi, nthenga, mafuta kapena madzi a zitsamba. Mafinya apukutidwe ndi kansalu koyera kopota, ndipo mwana apite naye ku chipatala.
5. Madzulo mwana afunsidwe lembo limene waphunzira, ndipo alilembe pa dothi. Ngakhale kholo losadziwa kuwerenga lingathe kukhala pansi ndi kumvetsera.

Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Mwana amene lero akuphatikiza ma ndi i ndiye mawa adzawerengera agogo ake malangizo a pa botolo la mankhwala, ndi kuuza mayi ake tsiku lobwerera ku sikelo lolembedwa m'kabuku ka ku chipatala. Boma lingathe kubweretsa makina mpaka pa sukulu ya m'mudzi, koma maso ndi makutu amene mwana amapita nawo ku sukuluko amasamalidwa kunyumba.