Kusungitsa Malo Pasadakhale: Malangizo kwa Apaulendo Odzera pa Mwanza

Nkhani yathu ya lero ikukhudza anthu amene amatuluka m'dziko muno kupita ku maiko ena, makamaka iwo odzera pa chipata cha Mwanza, amene akafika uko amafuna kukaona nyumba zotchuka zosungiramo mbiri ndi zinthu zakale, zija ambiri timazitcha kuti myuziyamu. Tifotokoza chifukwa chake nyumba zambiri zotere masiku ano zimafuna kuti mlendo asungitse malo pasadakhale, ndiponso m'mene munthu wochokera kuno angasankhire tsiku lake mwanzeru kuti asataye ndalama pachabe.

Tiyambe ndi zimene tidazoloŵera. Munthu akafuna kuona nyumba ya mbiri ya pa Chichiri mu mzinda wa Blantyre, kapena ya Chamare ku Mua m'boma la Dedza, kapenanso ya ku Karonga kumene amaonetsako za chinyama chakale chija chotchedwa Malawisaurus, kaŵirikaŵiri amangofika, kulipira pakhomo, n'kuloŵa. Chizoloŵezi chimenechi n'chabwino kuno kwathu, koma chimagwetsa anthu m'mavuto akapita nacho kunja. Nyumba ya Louvre ya mu mzinda wa Paris ku France idalandira alendo pafupifupi 9 miliyoni m'chaka cha 2023, ndipo akuluakulu ake adaika malire akuti pa tsiku pasamaloŵe anthu opitirira 30,000. Nyumba ya Anne Frank ku Amsterdam ndi yaing'ono, ya makwerero opanikiza, motero matikiti ake amagulitsidwa pa intaneti pokha, ndipo pakhomo sagulitsapo tikiti ndi imodzi yomwe.

Njira imene nyumbazi zimatsata ndi iyi: tsiku amaligaŵa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chili ndi chiŵerengero chake cha anthu. Mukagula tikiti, pamalembedwa tsiku ndi ola loti mufike. Ubwino wake ngwakuti simuima padzuŵa kapena pamvula kudikira mwayi umene mwina sufika. Koma pali chinthu china choyenera kuchimvetsa: tikiti yotere imafa ola lake likadutsa, ndipo m'malo ambiri ndalama sabweza kwa munthu amene wachedwa yekha. Apa mpamene pagona nkhani kwa munthu woyenda pa basi kuchokera ku Malaŵi.

Tiyeni titenge chitsanzo chimene chili pafupi ndi mitima ya anthu a chigawo chino cha Africa, ndicho chilumba cha Robben Island ku Cape Town. Pa chilumbachi mpamene Nelson Mandela adakhala m'ndende kuyambira 1964 kufikira 1982, zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake. Padakhalanso Walter Sisulu, Govan Mbeki ndi Ahmed Kathrada, ndipo Robert Sobukwe adasungidwa m'kanyumba kayekha. Malowa adasanduka nyumba ya mbiri mu 1997, ndipo mu 1999 bungwe la UNESCO lidaŵaika m'gulu la malo ofunika ku dziko lonse lapansi. Mlendo amaona chipinda chimene Mandela ankagonamo ndi nkuti wa miyala ya laimu kumene akaidi ankagwira ntchito ya kalavulagaga, ndipo ena mwa ofotokoza mbiri ndi anthu amene adamangidwapo pa chilumba chomwecho.

Kulibe msewu wopita ku Robben Island. Munthu amakwera sitima ya pamadzi pa doko la V&A Waterfront, pa nyumba yotchedwa Nelson Mandela Gateway, ndipo ulendo wonse, kupita ndi kubwera, umatenga maola pafupifupi anayi. Sitima imanyamuka kangapo kokha pa tsiku, ndipo mipando yake njoŵerengeka. M'miyezi ya Disembala ndi Januwale, pamene sukulu za ku South Africa zili pa tchuthi, malo amatha kukali masiku angapo. Komanso iwo amene adakwerapo Ilala pa nyanja yathu akudziŵa zimene mwera umachita. Ku Cape Town nakonso mphepo ikakula, sitima siinyamuka. Choncho munthu wanzeru amasungitsa malo pa masiku oyambirira a kukhala kwake mu mzindawo, kuti ngati mphepo yaletsa ulendo akhale ndi tsiku lina loyesanso. Woika ulendowu pa tsiku lake lotsiriza akhoza kubwerera kumudzi atangochiona chilumbacho chapatali.

Tsono tibwerere pa Mwanza. Basi yochokera pa Wenela mu Blantyre imayenda makilomita pafupifupi 100 kuti ifike pa chipata. Pamenepo aliyense amatsika, n'kuima pa mzere kuti adinditse pasipoti. Ikadutsa, imaimanso pa Zobue, mbali ya Mozambique. Kuchoka apo imadzera ku Moatize, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kukaima pa Cuchamano ndi pa Nyamapanda poloŵa m'Zimbabwe. Ikapyola Harare ndi Masvingo imafika pa Beitbridge, pamene pali maofesi a Zimbabwe tsidya lino la Limpopo ndi a South Africa tsidya linalo. Mukaŵerenga bwino, mupeza kuti malire ndi atatu koma mizere yodinditsa ndi isanu ndi umodzi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,700 kufika ku Johannesburg. Wopitirira ku Cape Town amaonjezapo makilomita ena 1,400.

Pa mizere yonseyi palibe ndi umodzi womwe umene munthu angasungitsepo malo. Basi siichoka pa Mwanza kufikira wokwera wotsiriza atadinditsa, ndipo munthu mmodzi yekha wa mapepala osalongosoka akhoza kuchedwetsa anzake onse. Mabasi angapo akafika nthaŵi imodzi, ola limene mudaŵerengera limasanduka maola atatu. Pa Beitbridge, m'masiku a Khirisimasi ndi a chaka chatsopano, galimoto zimandanda mtunda wautali chifukwa cha anthu opita kumudzi ndi obwerera ku ntchito. Nthaŵi zina chovuta chimachokera kwina: kumapeto kwa 2024, zipolowe zimene zidabuka ku Mozambique pambuyo pa chisankho zidasokoneza maulendo a pamsewu, ndipo ambiri adasintha masiku awo onyamukira.

Mfundo yaikulu ya nkhani yathu ndi imeneyi: tsiku la tikiti ya ku myuziyamu musaliŵerengere kuchokera pa ola limene basi idalonjeza kufika. Siyani mpata wa masiku aŵiri athunthu pakati pa tsiku loyembekezera kufika ndi tsiku loloŵera. Ngati mwayenda bwino, masiku aŵiriwo mupumula ndi kuphunzira njira za mu mzinda. Ngati mwachedwa pa malire, tikiti yanu ikadali yamoyo. Banja limene lasunga ndalama chaka chonse kuti ana akaone chipinda cha Mandela lisalole kuti mzere wa pa Zobue kapena pa Beitbridge ulilande chimene lidavutikira.

Si nyumba zonse zimene zimafuna kusungitsa malo kukali milungu. Ku Johannesburg kuli Apartheid Museum, imene idatsegulidwa mu 2001 pafupi ndi Gold Reef City, pamalo pamene kale padali mgodi wa golide. Tikiti yake imamuika mlendo mwachisawawa m'gulu la azungu kapena la osakhala azungu, ndipo aliyense amaloŵera khomo la gulu lake, kuti alaŵeko pang'ono m'mene tsankho linkagaŵira anthu. Ku Soweto kuli nyumba ya Hector Pieterson, yotsegulidwa mu 2002 pokumbukira ana a sukulu amene adaphedwa pa 16 Juni 1976, ndipo chapafupi, mu msewu wa Vilakazi, pali nyumba imene Mandela ankakhalamo. M'malo otereŵa mankhwala a mzere ndi kulaŵira. Fikani pamene akutsegula kumene, mabasi a alendo ndi a ana a sukulu asanafike, ndipo peŵani masiku a tchuthi cha boma monga 16 Juni ndi 16 Disembala, pokhapokha ngati chimene mukufuna ndi mwambo wa tsikulo.

Funsaninso za masiku otseka, pakuti safunsa adadya phula. Louvre satsegula Lachiŵiri. Nyumba za mbiri za ku Vatican, kumene Akatolika ambiri a kuno amalakalaka kufika akapita ku Rome, zimatseka Lamulungu, kupatula Lamulungu lotsiriza la mwezi pamene anthu amaloŵa ulere. Tsiku laulerelo limakopa namtindi wa anthu, mwakuti mzere umazungulira linga, ndipo munthu wa masiku oŵerengeka amapindula kwambiri akalipira tsiku lina. British Museum ya ku London, imene idakhazikitsidwa mu 1753, kuloŵa kwake nkwaulere, komabe amalangiza alendo kuti atengeretu tikiti yaulere yokhala ndi ola. Dziŵaninso kuti tikiti yogulidwa kale imakuchotsani pa mzere wogula okha. Mzere wosecha zikwama ulipobe kwa aliyense, motero fikani kukali mphindi 30, ndipo chikwama chachikulu muchisiye kumene mukugona.

Kwa iwo opita ku Ulaya pa ndege, dongosolo la zinthu ndi lofunika. Mmalaŵi safuna viza popita ku Mozambique, ku Zimbabwe kapena kukacheza ku South Africa kwa masiku osapitirira 30, koma ku France, ku Italy, ku Netherlands ndi ku Britain viza imafunika. Akuluakulu adati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Musagule matikiti osabwezeka viza isanatuluke. Ikangotuluka, musazengerezenso. Ku nyumba ya Anne Frank matikiti amatulutsidwa Lachiŵiri lililonse, a masiku amene ali milungu isanu ndi umodzi kutsogolo, ndipo satenga nthaŵi kutha. Samalaninso za mawotchi. Malaŵi, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali pa nthaŵi imodzi, koma Paris ndi Rome amatsalira ndi ola limodzi m'nyengo yawo yozizira, ndipo London amatsalira ndi maola aŵiri m'nyengo yozizira ndi ola limodzi m'nyengo yotentha. Ola lolembedwa pa tikiti ndi la kumeneko.

Nanga kalipiridwe? Kugula pa intaneti kumafuna khadi la ku banki lololedwa kulipira kunja. Pokhala kuti ndalama zakunja zakhala zikusoŵa m'dziko muno, ndipo mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse, nkwanzeru kupita ku banki yanu kukafunsa ngati khadi lanu lingagwire ntchito ndiponso malire a ndalama zimene lingalipire. Ambiri amapempha mbale amene ali ku South Africa kuti aŵagulire. Njirayi njabwino, koma muuzeni mbale wanuyo zinthu ziŵiri. Choyamba, dzina alilembe monga lilili m'pasipoti yanu. Chachiŵiri, ku Robben Island mtengo wa nzika za South Africa ngwosiyana ndi wa alendo ochokera kunja, choncho agule tikiti ya gulu lanu lenileni, kuti musakachite manyazi pa doko mukafunsidwa chiphaso.

Chenjerani ndi madobadoba. Monga m'mene amapezekera pa zipata ndi pa maofesi kuno kwathu, amapezekanso pa makomo a nyumba zotchuka ndi pa intaneti pomwe. Ena amagulitsa tikiti yeniyeni pa mtengo woŵirikiza, ena amagulitsa pepala lachabe. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Gulani pa tsamba la intaneti la nyumba yeniyeniyo, ndipo muonetsetse kuti mwalandira chitsimikizo chokhala ndi tsiku, ola ndi nambala.

Tikitiyo muisindikize pa pepala musananyamuke, ndipo ina muijambule m'foni. Mukadutsa Zobue, nambala yanu ya kuno mwina siigwira, ndipo ulendo wopitirira tsiku limodzi ndi usiku wake umamaliza moto wa m'foni. Pepalalo liikeni pamodzi ndi pasipoti m'kachikwama kosachoka pathupi, osati m'katundu wa kunsi kwa basi. Atsogoleri a magulu, monga aphunzitsi, akwaya ndi amayi a mvano, alembere nyumbayo kukali miyezi, pakuti magulu amakhala ndi dongosolo lawolawo ndipo mipando 40 siipezeka pamodzi mwadzidzidzi.

Pomaliza, omvera, tibwereze mwachidule. Dziŵani ngati malo amene mukufuna kuona amafuna kusungitsa pasadakhale. Dziŵani masiku amene amatseka. Siyani masiku aŵiri pakati pa kufika kwanu ndi tsiku la tikiti, ndipo ulendo wodalira nyanja muuike koyambirira. Gulani kwa eni ake, dzina likhale la m'pasipoti, pepala likhale m'manja. Mzere wa pa Mwanza umafuna kudekha, ndipo umenewo tonse tidzaimapo. Mzere wa ku nyumba ya mbiri munthu akhoza kuufupikitsa akadali kwawo. Kwa nonse amene mukukonzekera ulendo, tikuti muyende bwino, ndipo mukabwerako mudzafotokozere ana zimene mwaona.