MSONKHO WA NYUMBA NDI NGALANDE ZA KU KATAWA

Alipo anthu a m'midzi amene ali ndi abale ao ku Katawa, m'mzinda wa Mzuzu. Iwowa amadabwa pakumva kuti kumeneko munthu amalipira msonkho pa nyumba imene anamanga ndi ndalama zace. Kumudzi mfumu ikagawa malo, nkhani yatha. Nanga m'tauni msonkhowu ngwa ciani? Yankho lace limaoneka bwino m'nyengo ya dzinja.

MMENE MZUZU UNAKULIRA

Mzuzu unayamba ca m'ma 1947, pamene kunatsegulidwa munda waukulu wa mitengo ya tung, imene mafuta ace amapangira utoto. Anthu anadza kudzafuna nchito, namanga nyumba zao pafupi. M'caka ca 1985 Boma linalengeza kuti Mzuzu ndi mzinda, ndipo pa kalembera wa 2018 munapezeka anthu 221,272.

Tsono mzindawu uli pa zitunda ndi madambo, ndipo mvula imagwa yambiri, kawiri-kawiri kufikira April. Pa munda madzi amalowa m'nthaka, koma denga la malata silimwa madzi. Motero nyumba iri yonse yatsopano imathira madzi ace kwa mnansi wa kumunsi. Popanda ngalande madziwo amakumba mseu, amadzaza zimbudzi, nafewetsa maziko a nyumba. Mu April 2016 mvula yamphamvu inagwa masiku angapo. Nyumba zambiri za m'madambo ndi za pa matsitso zinagwa, anthu ena anafa, ndipo ena anakagona m'sukulu ndi m'machalichi.

Munthu mmodzi angathe kulambula pa khomo pace, koma sangathe kukumba ngalande yodutsa pa nyumba makumi asanu. Imeneyi ndiyo nchito ya Khonsolo ya mzinda.

NJIRA YA DANDAULO

Lamulo la mafumu la 1967 silipatsa mafumu ulamuliro m'kati mwa mzinda. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limaika nchito za mzinda m'manja mwa Khonsolo. Mzinda umagawidwa m'zigawo zochedwa mawadi. Pa cisankho ca 2014 Mzuzu unali ndi mawadi 15, ndipo Katawa inali imodzi mwa iwo. Wadi iri yonse imasankha khansala mmodzi, ndipo makhansalawo amasankha Meya pakati pao. Kuyambira 2005 kufikira 2014 m'dziko monse munalibe makhansala, kotero anthu ambiri anaiwala njira imeneyi.

Njira yace nayi. Mlatho ukaonongeka kapena ngalande ikatsekeka, anthu amauza mtsogoleri wa buloko lao. Iye amatengera mauwo ku komiti ya citukuko ya m'wadi, ndipo khansala amakawatula ku msonkhano wa Khonsolo, kumene amapangana za ndalama za caka conse. Nchito imene sinalembedwe pa mapangano amenewa imabvuta kuipezera ndalama pambuyo pace.

Nkofunikanso kudziwa khomo loyenera, pakuti si zonse ziri za Khonsolo. Mseu waukulu wa M1 uli m'manja mwa Roads Authority. Madzi a m'mipopi, ocokera ku damu la Lunyangwa, ndi a Northern Region Water Board. Magetsi ndi a ESCOM, ndipo nkhani ya akuba ndi ya Polisi, amene amathandizana ndi magulu a citetezo a m'makomo. Koma miseu ya pakati pa nyumba, ngalande, zinyalala, misika ndi cilolezo ca kumanga, izi ndizo za Khonsolo.

KUMENE NDALAMA ZICOKERA

Khonsolo imalandira ndalama zina kucokera ku Boma, zina kwa ogulitsa m'misika ndi kwa eni masitolo, ndi zinanso pa msonkho wa nyumba. Wolipira msonkhowu ndiye mwini nyumba, osati munthu wa lendi.

Kale nyumba zolembedwa m'buku la msonkho ku Mzuzu zinali ngati 10,000 zokha, ndipo zotsalazo sizinali kulipira kanthu. Kuyambira 2013 Khonsolo inatuma anthu kuyenda nyumba ndi nyumba, kufikira m'bukumo munalowa nyumba pafupi-fupi 40,000. Poyesa nyumba anali kuona ukulu wace, denga, makoma, ndiponso ngati iri ndi madzi, magetsi ndi mseu wabwino. Motero wa nyumba yaikulu ya simenti amalipira zambiri, wa kanyumba ka zidina amalipira zocepa.

Ena amati, tilipiriranji pamene mseu wathu uli matope okha-okha? Funsoli nloyenera, ndipo malo ace ndi pamaso pa khansala. Misonkhano ya Khonsolo yonse imalola anthu kulowa ndi kumvetsera, ndipo wolipira msonkho ali ndi mphamvu ya kufunsa kumene ndalama zapita. Koma kuleka kulipira sikukumba ngalande. Akulu anati walira mvula walira matope: wofuna moyo wa m'tauni ayenera kusenzanso katundu wace.

MAU KWA OPITA KU TAUNI

Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga angathandize abale ao powauza zinthu izi. Munthu asagule malo asanafunse ku Khonsolo ngati pamenepo mpololedwa kumangapo, cifukwa malo a m'dambo ngochipa m'cilimwe, koma m'dzinja amadya nyumba. Asataye zinyalala ndi mapepala a pulasitiki m'ngalande, pakuti madzi oima amaswetsa udzudzu, ndipo akasakanizika ndi za m'cimbudzi amabweretsa kolera. Akalipira msonkho alandire risiti, nalisunge bwino. Ndipo mtsogoleri wa buloko akaitana msonkhano, apite, pakuti ngalande imene ifunika mu January iyenera kupemphedwa mvula isanayambe.