Mpeni usadafike pamutu, chithunzi chiyambe chaoneka

Wokumba mbewa sangofikira kugwetsa khasu paliponse, amayamba waona kumene una walowera. Nawonso madokotala a opaleshoni ya ubongo masiku ano sang'amba mutu wa munthu asadaone chithunzi cha zomwe zili mkati mwa chigaza.

Chifukwa chake n'chakuti kachigawo kalikonse ka ubongo kali ndi ntchito yake. Mbali ya kumanzere imalamulira mkono ndi mwendo wa kumanja, ndipo mwa anthu ambiri ndi mbali yomweyi imene imayendetsa malankhulidwe. Mpeni ukaphonya pang'ono, munthu akhoza kudzuka atafa ziwalo kapena osatha kulankhula. Paja madzi akatayika saoleka.

Kale zinthu zidali zovuta. Ekisile wamba amaonetsa mafupa okha, ubongo osaoneka. M'chaka cha 1918 dokotala wa ku America, Walter Dandy, adayamba kupopera mpweya m'timphako ta muubongo kuti tioneke pa ekisile, koma njirayi inkapweteka odwala kwambiri.

Zinthu zidasintha mu 1971 pachipatala cha Atkinson Morley mumzinda wa London, pomwe makina a CT, opangidwa ndi Godfrey Hounsfield, adajambula wodwala woyamba. Adali mayi amene ankamuganizira kuti ali ndi chotupa muubongo, ndipo chithunzicho chidaonetsa malo enieni pamene padali vutolo. Mu 1979 Hounsfield adalandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg.

Makina a CT amajambula mutu zidutswazidutswa ngati mmene timadulira buledi, ndipo amatha m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake amathandiza pa ngozi, monga za njinga zamoto za kabaza. Magazi akaundana mkati mwa chigaza amapanikiza ubongo. Chithunzi chimauza dokotala mbali imene magaziwo ali, kuchuluka kwake, komanso ngati aboole kabowo kokha, atsegule fupa, kapena angomuyang'anira wodwalayo osang'amba.

Makina ena ndi a MRI, omwe amagwiritsa ntchito maginito amphamvu m'malo mwa cheza cha ekisile. Amachedwa, nthawi zina theka la ola kapena kuposa, ndipo amachita phokoso. Wodwala amavula zitsulo zonse ndi kugona phee, pomwe ana aang'ono nthawi zina amawagonetsa ndi mankhwala. Koma zithunzi zake zimaonetsa bwino malire a chotupa ndi mitsempha imene yayandikana nacho.

M'zipatala zina zikuluzikulu, wodwala amauzidwa kuti agwedeze zala kapena aganize mawu ali m'makinawa, kuti dokotala aone chigawo chimene chikugwira ntchitoyo n'kuchizemba. Zithunzizo amaziikanso m'kompyuta imene imalondolera dokotala opaleshoni ili mkati.

Kwa makanda nkhani yake njosavutirapo. Liwombo lisadatsekeke, makina ounikira amayi oyembekezera aja amatha kuona mkati mwa mutu wa mwana. Izi zimathandiza pa nthenda ya madzi m'mutu, imene imakulitsa mutu wa khanda mopitirira muyeso. Madziwa amapangidwa muubongo wa munthu aliyense, pafupifupi theka la lita patsiku mwa wamkulu, koma njira yake ikatsekeka amadzadzana.

Apa chithunzi chimathandiza dokotala kusankha pa njira ziwiri. Yoyamba ndi kuika kapaipi kodutsa kunsi kwa khungu kuchoka m'mutu kukafika m'mimba, ngakhale kapaipika kamatha kutsekeka. Yachiwiri ndi kulowetsa kakamera n'kuboola njira yatsopano ya madziwo. Dokotala Benjamin Warf adapititsa patsogolo njira yachiwiriyi ku Mbale m'dziko la Uganda kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, ndipo adapeza kuti makanda ambiri kumeneko adadwala nthendayi atagwidwa ndi matenda a tizilombo akadali akhanda.

Kuno kwathu, makina a MRI adafika pachipatala cha Gulupu mumzinda wa Blantyre mu 2008 kudzera mwa akatswiri a kafukufuku wa malungo a ku Michigan State University. Kafukufuku amene adatuluka mu 2015 adaonetsa kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a muubongo amakhala atatupa ubongo kwambiri.

Komabe makina ngakhale akhale apamwamba bwanji, sajambula munthu amene ali kunyumba. Amene wamenyetsa mutu kenaka n'kuyamba kusanza, kusinza kwambiri, kukomoka kapena kufooka mbali imodzi, athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo. Agogo akagwa, zizindikiro zimatha kubwera patapita masabata angapo, monga kusokonezeka maganizo ndi kuyenda modzandira. Khanda limene mutu ukukula mofulumira, liwombo latukuka ndipo maso akuyang'ana pansi, lisadikire tsiku la sikelo.

Chipatala cha pafupi n'chimene chimakutumizani kuchipatala chachikulu. Mukajambulidwa, sungani bwino zithunzi ndi makalata onse, chifukwa dokotala amayerekeza chithunzi chakale ndi chatsopano asadaganize zong'amba.