KUSANKHA NGALAWA YA THANGA

Ana amene amakhala pa chilumba cha Likoma amaona zombo za matanga zikuwolokera ku Cobue, tsidya la Mozambique. Zombozi sizimwa mafuta. Zimakankhidwa ndi mphepo. Palinso ngalawa zina zazing'ono za matanga zokhala ndi kachipinda mkati, mmene anthu aŵiri kapena atatu amagona ndi kuphika pa ulendo wa masiku ambiri. Munthu wofuna ngalawa yotere ayenera kusankha mosamala, pakuti akafika pakati pa nyanja sangathe kutsika ndi kubwerera wapansi.

Mlendo pa za nyanja amayang'ana utoto ndi kuyera kwa thanga. Mmalinyero weniweni amayamba waŵerama ndi kuona kunsi. Kumeneko kumakhala chitsulo cholemera chotsikira m'madzi ngati chipsepse cha nsomba. Mphepo ikakankha thanga, ngalawa imapendekeka, koma chitsulocho chimaikoka kuti iimenso chilili. Chimailetsanso kuyenda chammbali monga nkhanu. M'ngalawa zambiri kulemera kwa chitsulochi kumafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa ngalawa yonse.

Kodi tsono tisankhe chitsulo chachitali kwambiri? Walira mvula walira matope. Ngalawa ya chitsulo chachitali sigubuduzika msanga, koma singafike pa mchenga. Pa Nyanja ya Malaŵi madooko obisika ngati la Monkey Bay ndi la Nkhata Bay ndi oŵerengeka. Midzi yambiri ili ndi gombe la mchenga basi. Ngalawa ina ili ndi thabwa lokweza ndi kutsitsa m'malo mwa chitsulo. Imeneyi imakocheza paliponse, koma pa mafunde aakulu siikhazikika. Ndipo mafunde aakulu aliko. Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera wochokera kumwera, umene umayenda m'litali mwa nyanja makilomita oposa 500. Woyenda pafupi ndi gombe angathaŵire kumtunda. Wowoloka nyanja alibe kothaŵira, ndipo ayenera kudalira chitsulo.

Ngalawa yopepuka imathamanga, koma imadumphadumpha pa mafunde mpaka okwera amagwidwa ndi mseru. Munthu wa mseru ndi wosagona saganiza bwino, ndipo ngozi zambiri zimayambira pamenepo. Yolemera imachedwa, koma imang'amba mafunde mofatsa. M'chaka cha 1968 amuna asanu ndi anayi ananyamuka pa mpikisano wozungulira dziko lonse lapansi, aliyense yekhayekha, osaima pa dooko lililonse. Amene anatsiriza ndi mmodzi yekha, Robin Knox-Johnston wa ku Britain, amene anabwerera kwawo mu 1969 atatha masiku 312 pa nyanja. Ngalawa yake, Suhaili, inali yamatabwa, yokhomedwa ku India, yosakwana mamita 10 m'litali. Inali yolemera ndi yochedwa kuposa zina za pa mpikisanowo.

Musanagule ngalawa, iyendetseni. Onani ngati munthu mmodzi angathe kupinda thanga kuti lichepe mphepo ikakula, pakuti namondwe sadikira kuti mnzanu adzuke. Kenaka, pamene mphepo ili yofatsa, tayani tsigiro kwa kanthaŵi. Ngalawa yabwino imatembenuzira mphuno yake kumene mphepo ikuchokera, thanga limakupiza, ndipo imaima. Imene imatembenukira kwina ndi kuyamba kuthamanga yokha ndi yoopsa: mwini wake atagwera m'madzi, ingamusiye.

Za mkati nazo zimanyenga. Chipinda chachikulu chimakondweretsa ngalawa ili pa dooko, koma pa mafunde munthu amaponyedwa uku ndi uku. Kuli bwino kachipinda kokhala ndi pogwira paliponse, ndi kama wopapatiza wa thabwa m'mbali kuti wogona asagwe. Pakhalenso mazenera oloŵetsa mphepo, chifukwa kutentha kwa Okutobala kunyanja si kwa maseŵera, ndi pokoloŵeka neti ya udzudzu.

Ambiri amagula ngalawa yakale chifukwa yatsopano ndi yokwera mtengo. Ngati ndi yamatabwa, iitulutsidwe m'madzi, ndipo wogula agogode thabwa lililonse ndi kanyundo. Thabwa lamoyo limalira kuti ngwe! ngwe! Limene likulira kuti phu! phu! lavunda mkati, ngakhale utoto wake ukhale wonyezimira.