Phala la mowa likasiya kuwira

Chaka chatha mu Juni, chidebe changa cha phala la chimanga ndi shuga chidangoti zii pa tsiku lachitatu. Thovu lidatha, kuwira kudaleka. Ambiri zikatere amathamangira kuthira yisiti wina, koma ine ndimayamba ndalawa. Ngati kutsekemera kwatha, palibe vuto, mowa wapsa. Ngati phala likadali tseketseke ngati thobwa, ndiye kuti yisiti waima panjira.

Kwa ine cholakwa chidali kuzizira. Yisiti amagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 20 ndi 30, ndipo usiku wa Juni ku Dedza sufika pamenepo ngakhale pang'ono. Kuzizira sikumupha, kumangomugonetsa. Ndidachotsa chidebe pa simenti, kuchikhazika pathabwa kukhitchini, kuchifunditsa bulangete, n'kutakasa kuti yisiti wokhazikika pansi abwere pamwamba. Mawa lake thovu lidabwerera.

Kutentha ndiye koopsa. Mukathira yisiti m'phala loti chala sichingapirire, mwamupha. Dikirani lizizire, muthire wina.

Vuto limene ndimaliona kwambiri ndi dyera la shuga. Munthu amathira wochuluka pofuna mowa waukali, osadziwa kuti shuga wothinana amayamwa madzi m'thupi la yisiti mpaka kumufooketsa. Sungunulani phalalo ndi madzi owiritsa ozizira, kenaka onjezani yisiti amene mwayamba mwamudzutsa m'kapu ya madzi ofunda.

Chimanganso pachokha yisiti sachidya. Chimera ndi chimene chimasandutsa ufawo kukhala shuga. Koma phala likanunkha ngati viniga kapena lamera nkhungu, ine ndimalitaya.