Ng'ona Yotafuna ya ku Mwakasyunguti: Phunziro la Mano ndi Mafupa

Mwana aliyense wa ku Karonga amaidziŵa ng'ona. Koma ndi ana oŵerengeka amene anamvapo kuti m'boma lawo lomwelo munali mtundu wina wa ng'ona umene unkakhala kumtunda, unkathamanga, ndiponso unkatafuna chakudya. Mphunzitsi wa sayansi angathe kugwiritsa ntchito nyama imeneyi pophunzitsa mfundo yakuti kapangidwe ka chiŵalo kamaulula ntchito yake.

Mafupa a nyamayi anafukulidwa ku Mwakasyunguti, m'miyala ya mtundu womwewo umene munapezeka mafupa a chinyama chachikulu chija, Malawisaurus. Miyalayi inali mchenga ndi matope zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, nyanja ya Malaŵi isanakhaleko. Akatswiri analengeza za mano ake odabwitsa m'chaka cha 1989, ndipo mu 1997 katswiri wa kuno kwathu, Elizabeth Gomani, anaifotokoza mokwanira naitcha Malawisuchus mwakasyungutiensis, ndiko kunena kuti ng'ona ya Malaŵi ya ku Mwakasyunguti. Inali yaing'ono, yotalika pafupifupi masentimita 60, ngati marula aŵiri a m'kalasi.

Tiyambe ndi mano. Ng'ona ya masiku ano ili ndi mano osongoka okhaokha, oyenera kugwira ndi kung'amba; nyama imangoimeza osatafuna. Malawisuchus inali ndi mano a mitundu yosiyana, ndipo a kumbuyo anali ndi timitu tingapo monga a nyama zoyamwitsa. Nsagwada ya m'munsi inkatha kuseŵera kutsogolo ndi kumbuyo. Pamenepa tikuona kuti chakudya chinkayamba chaphwanyidwa m'kamwa chisanamezedwe.

Chachiŵiri ndi mphuno. Ng'ona ya m'mitsinje yathu ili ndi mphuno pamwamba pa mlomo, kotero kuti imapuma thupi lonse lili m'madzi. Mphuno za Malawisuchus zinali kutsogolo kwa mlomo wake waufupi, monga mwa nyama za kumtunda.

Chachitatu ndi miyendo. Mafupa a m'chiuno ndi a miyendo ya kumbuyo amasonyeza kuti inkaimika thupi m'mwamba, osakwaŵa ndi mimba. Fupa la mwendo wa kutsogolo lili ndi malo pamene panagwira minofu yoyenera kukumbira. Ndiponso mafupa ena anapezeka ali olumikizana, nyamayo ili chigonere. Pa zifukwa ziŵirizi akatswiri amaganiza kuti inkakhala m'mauna.

Tsono phunziro lotere tingalipereke bwanji? Musayambe ndi kulemba mayankho pa bolodi. Bwerani ndi chibade cha mbuzi ndi cha galu, kapena zithunzi zake. Ana ayambe akhudza mano awo ndi lilime, asiyanitse olumira ndi otafunira, kenaka ayerekeze ndi a mbuzi, a galu ndi a ng'ona. Akatero jambulani dzino la Malawisuchus, muwafunse kuti, "Kodi mwini dzinoli ankameza kapena ankatafuna? Mwadziŵa bwanji?" Funso lachiŵirili ndilo mtima wa phunziro. Muwathandizenso kulekanitsa chimene chikuoneka pa fupa ndi chimene tikuganiza chifukwa cha fupalo: dzino la timitu likuoneka ndi maso, koma za kukhala m'una ndi ganizo lotsamira pa umboni.

Sukulu zoyandikira zingathe kupita ndi ana ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Muwalangizenso kuti akaona fupa lolimba ngati mwala m'chigwembe asalizule, koma akanene kwa mphunzitsi, amene adzadziŵitsa a ku nyumbayo. Pakuti ana amene aphunzira za mauna aja adzamvetsa okha kuti kagonedwe ka fupa m'nthaka nakonso ndi umboni, ndipo fupa likasunthidwa umboniwo sungabwezedwenso.