MBEU ZOYENERA M'DIMBA PA NYENGO YA CISANU

Alimi anzanga a ku Mitundu ndi ku Nathenje, cimanga cikalowa m'nkhokwe ndi fodya akapita ku msika, maso athu atembenukira ku dimba. Koma caka ndi caka tiona cinthu comvetsa cisoni. Munthu atipula dimba lace, abzala matimati ndi nyemba mwezi wa May, nathirira masabata ambiri. Ndipo m'mawa wina wa July apeza masamba onse atada bii, monga ngati wina wawathira madzi otentha. Ena ayamba kuganizira anzao za ufiti. Si ufiti ai, ndi cisanu. Ndipo colakwa cinacitika tsiku lija anasankha mbeu.

Kodi cisanu cicokera kuti?

Dziko likakwera, kuzizira kukula. Ku Salima, kufupi ndi nyanja, dziko liri pansi ndipo nkofunda. Boma la Dedza lakwera mafiti oposa 5,000, cifukwa cace mbatata ya kacewere ikondwa kumeneko. Ife tiri pakati, pa mafiti oposa 3,500, ndipo miyezi yathu yozizira ndiyo June ndi July.

Cina coti tidziwe ndi ici: mpweya wozizira ulemera kuposa wofunda. Usiku wopanda mitambo, mwera utaleka, nthaka itaya kutentha kwace, ndipo mpweya wozizira utsika ku mitunda monga madzi, nudikha pansi pa dambo. Kotero dimba la m'mphepete mwa mtsinje wa Nathenje kapena Diamphwe lingapse ndi cisanu, pamene munda wa pa mtunda, mapazi owerengeka cabe, uli bwino bwino.

Ku America, m'caka ca 1960, Boma linasindikiza mapu ogawa dziko lao monga mwa kuzizira kwa dera liri lonse, kuti wobzala adziwe mbeu yomuyenera. Inunso khalani ndi mapu anu m'mutu. Dzukani mbandakuca mwezi wa June, muone pamene nkhungu igona ndi pamene udzu uyera mbuu. Pamenepo ndipo pali ngozi.

Mbeu zopirira cisanu

Kabici, repu, mpiru, anyezi, karoti ndi nsawawa zikonda nyengo yozizira. Fesani pa nazale mwezi wa April kapena May, ndi kuziokera kunsi kwa dimba kumene kuli cinyontho. Karoti ndi nsawawa zokha musaziokere ai. Zibzaleni pomwe zidzakulira.

Mbeu zoopa cisanu

Matimati, nyemba, maungu, therere, tsabola ndi cimanga ca m'dimba ndi mbeu za nyengo yofunda. Usiku umodzi wa cisanu ukwanira kuzitha. Ngati dimba lanu liri pansi pa dambo, dikirani kufikira mwezi wa August, kuzizira kutayamba kucepa. Ngati mufuna matimati ofulumira kuti mukapeze mtengo wabwino pa msika wa Mitundu, abzaleni cakumtunda kwa dimba. Madzulo amene thambo layera ndipo mphepo yati zii, phimbani mbeu ndi udzu wouma, nimuucotse dzuwa litakwera. Nthaka ikhale ya cinyontho, pakuti yonyowa isunga kutentha kwa usana kuposa youma.

Cenjeraninso ndi mau olembedwa pa mapaketi a mbeu zocokera kunja. Ku England mwezi wa June ndi wofunda, pamene kwathu kuno ndiwo woothera moto. Tsatani nyengo ya kwanu.

Mau kwa alimi a fodya

Matimati ndi fodya ndi mbeu za mtundu umodzi, ndipo matenda ao ndi amodzi. Tizirombo tating'ono ta m'nthaka totupitsa mizu ya matimati tidzagwiranso mbande za fodya. Cifukwa cace, malo amene mufuna kuikapo nazale ya fodya mwezi wa September kapena October musabzalepo matimati kapena mbatata ya kacewere. Ndiponso mukagwira fodya wouma, sambani m'manja ndi sopo musanakhudze matimati, kuti mungawapatse nthenda ya mawanga-mawanga pa masamba.

Dimba ndilo lidyetsa banja ndiwo zamasamba kufikira mvula, ndi kupatsa ndalama za mcere ndi sopo pamene za fodya zatha. Musataye thukuta lanu pa mbeu yosayenera malo. Musanagule mbeu, funsani Mlangizi wa kwanu kuti aone dimba lanu pamodzi ndi inu.